Denga ndi lako, mtsinje ndi wa tonse

Kufikira mwezi wa Ogasiti chaka cha 2016, munthu wokhala mumzinda wa Denver, m'chigawo cha Colorado ku America, akatenga mgolo n'kuutchera pansi pa denga la nyumba yake kuti akinge madzi a mvula, ankakhala akuphwanya lamulo. Nyumba ndi yake, malata adagula yekha, mgolonso ndi wake, koma madzi otsetsereka padengapo lamulo linkati ali ndi eni ake ena.

Kwa ife amene tidakula tikuthamanga ndi ndowa, mabeseni ndi mapoto mitambo ikangoti bii, nkhaniyi ikumveka ngati nthabwala ya pabawo. Wina atha kufunsa kuti kodi boma lidayamba liti kukhala mwini wa mvula. Koma tisafulumire kuseka, chifukwa funso lomwe anthu a ku Colorado akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 150 ndi lomwe limayambanitsa anthu m'madimba mwathu mwezi wa Okutobala ukafika: madzi akachepa, ayambe kumwa ndani?

Maganizo athu pankhaniyi ndi awa. Lamulo labwino la madzi liyenera kusiyanitsa denga ndi mtsinje. Madzi ogwa padenga la munthu asiyidwe m'manja mwa mwini denga, popanda chiphaso kapena msonkho. Koma amene akufuna kutseka mtsinje kapena khwawa lomwe anzake akumunsi amadalira, ameneyo ayenera kuyamba wapempha, ngakhale malowo akhale ake.

Kuti timvetse chomwe chidachititsa kuti mgolo ukhale mlandu, tiyambe taona dziko lake. Colorado ndi chigawo cha mapiri ataliatali koma chouma. Mzinda wa Denver umalandira mvula yosaposa mamilimita 400 pachaka, yomwe siikwana ndi theka lomwe la imene madera ambiri a kuno kwathu amalandira. Madzi ambiri a kumeneko amachokera ku chipale chofewa chomwe chimaunjikana m'mapiri nthawi yozizira n'kusungunuka kukayamba kutentha. Mitsinje ikuluikulu monga Colorado, Rio Grande, Arkansas ndi Platte imayambira m'mapiri omwewa n'kukamwetsa zigawo zina zambiri za America, ina mpaka kukafika ku Mexico.

M'chaka cha 1859 anthu adakhamukira kuderali atamva kuti kwapezeka golide. Okumba miyala ya mtengo wapataliwa ankafuna madzi otsukira dothi, ndipo alimi omwe adabwera pambuyo pawo ankafuna madzi a mthirira. Minda yambiri idali kutali ndi mitsinje, choncho ankakumba ngalande zopatutsa madzi mtunda wautali. Mikangano siidachedwe kubuka, ndipo anthuwo adagwirizana mfundo imodzi yothetsera mikanganoyo: woyamba kupatutsa madzi n'kuwagwiritsa ntchito yaphindu ndiye ali ndi ufulu woposa wa obwera pambuyo.

Mfundoyi idalembedwa m'malamulo aakulu a chigawochi m'chaka cha 1876, ndipo khoti lalikulu la Colorado lidaitsindika m'chaka cha 1882 pamlandu wa pakati pa Coffin ndi kampani ya Left Hand Ditch. Kuyambira pamenepo, kukhala m'mphepete mwa mtsinje sikupatsa munthu ufulu wa madzi a mumtsinjemo. Chomwe chimawerengedwa ndi chaka chomwe ufuluwo udayambira. Ngalande ya San Luis People's Ditch, mwachitsanzo, ili ndi ufulu wa m'chaka cha 1852, ndipo ndi wakale kuposa wina uliwonse m'chigawocho. Chilala chikavuta, amene ali ndi ufulu wakale amalandira gawo lake lonse, pomwe wa ufulu watsopano amatsekeredwa. Ufuluwu umagulitsidwa ngati munda kapena nyumba, ndipo chigawochi chili ndi makhoti asanu ndi awiri oweruza milandu ya madzi yokhayokha.

Tsono mgolo ukubwera pati? Malinga ndi kaganizidwe kameneka, dontho lililonse logwa kumwamba limatengedwa kuti lili paulendo wopita kumtsinje, ndipo madzi a mumtsinjemo adagawidwa kale kwa eni ake. Wokinga dontholo padenga amaoneka ngati walanda katundu wa mlimi wina wakumunsi amene agogo ake adakumba ngalande zaka 100 zapitazo. Kunena zoona, sizinkachitikachitika kuti munthu akokeredwe kukhoti kaamba ka mgolo umodzi, koma lamulo lidalipo ndithu, ndipo anthu omvera malamulo ankangoyang'ana madzi akutayika.

Apa tiyenera kuwachitira chilungamo alimi omwe ankateteza lamuloli. Sadali anthu a nkhanza kapena opanda nzeru. Mantha awo adali akuti mizinda ikukula, ndipo nyumba zikwizikwi zikayamba kusunga madzi, iliyonse pang'onopang'ono, mtsinje udzafika kumunda kwawo utaphwa. Ankaopanso kuti lero akalola mgolo, mawa wina adzabwera ndi thanki, mkuja wina ndi damu. Aliyense amene adalimapo dimba kumunsi kwa mtsinje akudziwa kuti mantha oterewa si ongopeka.

Chomwe chidasintha zinthu ndi kuyeza. M'chaka cha 2007 kudachitika kafukufuku m'boma la Douglas, kummwera kwa Denver, wofuna kudziwa kuti mvula yogwa pamalo osamangidwapo kanthu imathera kuti. Adapeza kuti m'chaka cha mvula yapakatikati, madzi atatu okha mwa 100 alionse ndiwo ankafika kumtsinje kapena kulowa pansi penipeni. Otsalawo ankauma ndi dzuwa kapena kumwedwa ndi zomera. Apa zidaonekeratu kuti lamulo linkalondera madzi omwe ambiri mwa iwo sankafika n'komwe kwa mlimi wakumunsi uja.

Ngakhale zidali choncho, kusintha kudayenda mwa kamba. M'chaka cha 2009 nyumba ya malamulo ya Colorado idalola anthu ena akumidzi, omwe ali ndi chilolezo cha chitsime cha pakhomo, kuti azikinga madzi padenga akatenga chiphaso. Idalolanso kuti njirayi iyesedwe m'malo ochepa omwe kukumangidwa nyumba zatsopano. M'chaka cha 2015 bilu yolola anthu a m'tauni kukhala ndi migolo idakanika kudutsa. Idadzadutsa chaka chotsatira, ndipo bwanamkubwa wa nthawiyo, John Hickenlooper, adaisayinira mu Meyi 2016.

Lamulo la 2016 lili ndi malire ake. Khomo limodzi limaloledwa migolo iwiri yokha, yosunga madzi osaposa magaloni 110 yonse pamodzi, omwe ndi malita pafupifupi 416. Imeneyi ndi migolo iwiri yonga yomwe timaidziwa m'misika mwathu, ya malita 200 ndi pang'ono uliwonse. Mgolo uyenera kukhala ndi chivindikiro. Madziwo achokere padenga, ndipo agwire ntchito za panja pakhomo lomwelo monga kuthirira maluwa, kapinga ndi ndiwo zamasamba. Kumwa kapena kuwalowetsa m'nyumba n'koletsedwa. Komanso mkulu woyang'anira madzi m'chigawocho adapatsidwa mphamvu yoletsa migoloyi ngati patapezeka umboni woti ikuphwetsa madzi a eni ufulu akumunsi.

Ife tikuona kuti malire a migolo iwiri ndi ochepa kwambiri, koma njira yomwe adatsata ndi yoyenera kutengerapo phunziro. Adayamba ndi kuyeza, kenaka adamasula pang'ono, ndipo adasiya khomo lotsegula kuti wodandaula abwere ndi umboni. Chigawo choyandikana nacho cha Utah chidachita zofananako m'chaka cha 2010, pomwe chidalola munthu kusunga mpaka magaloni 2,500, omwe ndi malita oposa 9,000, bola alembetse ku ofesi ya za madzi.

Pali nkhani ina yomwe imatchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba za malamulo oterewa, ndipo imafotokozedwa mopotoka. M'chaka cha 2012, bambo wina wa ku Eagle Point, m'chigawo cha Oregon, adalamulidwa kukakhala kundende masiku 30 ndi kulipira chindapusa cha madola 1,500. Mbiri idawanda dziko lonse kuti munthu wamangidwa chifukwa chokinga madzi a mvula pamalo ake. Mpaka lero nkhaniyi imayendabe m'mafoni, ndipo ambiri oimva amaganiza za mgolo wa pakhonde.

Zoona zake n'zakuti bamboyu adamanga madamu atatu pamalo ake, osunga madzi okwana magaloni pafupifupi 13 miliyoni. Amenewa ndi madzi odzaza migolo yoposa 200,000. Boma lidati madamuwo ankatchinga madzi olowera mumtsinje wa Big Butte, womwe lamulo la 1925 lidapereka madzi ake kwa anthu a mumzinda wa Medford. Iye ankati akusunga mvula ndi chipale chosungunuka chogwera pamalo ake, koma khoti silidagwirizane naye. Chofunika kudziwa n'chakuti ku Oregon kukinga madzi a padenga n'kololedwa. Mlandu udali wa madamu.

Nkhani ziwirizi zikaikidwa pamodzi zikutionetsa pomwe mzere uyenera kudutsa. Ku Colorado lamulo lidalowerera mpaka pakhonde la munthu, n'kuletsa chinthu chomwe sichinkapweteka aliyense. Ku Oregon lamulo lidaima pamalo ake, n'kuuza munthu mmodzi kuti chikalata cha malo sichimupatsa ufulu womeza madzi a mzinda wonse. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Malo atha kukhala ako, koma khwawa lodutsa pamalopo lidachokera kwa ena ndipo likupita kwa ena.

Kumaiko ena lamulo lidalowera mbali ina, yokakamiza anthu kukolola madzi a mvula. Pachilumba cha Bermuda, pomwe palibe mitsinje, lamulo limafuna kuti nyumba ikhale ndi denga lokinga madzi komanso thanki yosungira. Ku India, boma la chigawo cha Tamil Nadu, motsogozedwa ndi mayi Jayalalithaa, lidalamula m'chaka cha 2003 kuti nyumba zonse zikhale ndi njira yokololera madzi a mvula, ndipo okana ankaopsezedwa kuti adulidwa madzi a m'mipopi. Komabe mu Juni 2019 madamu anayi omwetsa mzinda wa Chennai, likulu la chigawocho, adatsala pang'ono kuumiratu, ndipo anthu ankafola mizere kudikira galimoto zamadzi. Lamulo lokakamiza nalonso silikwanira palokha ngati zomangidwazo sizikusamalidwa komanso ngati madambo ndi maiwe a mumzinda akukwiriridwa kuti pamangidwe nyumba.

Nanga zonsezi zikutikhudza bwanji ife a kuno kwathu, komwe alangizi a zaulimi akhala akutilimbikitsa kukolola madzi a mvula? Zikutikhudza chifukwa madzi akamachepa malamulo amachuluka, ndipo ndi bwino kukambirana za mzerewu chilala chisadatipanikize. Tonse tikukumbukira kuti mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 a dziko lino mwagwa tsoka kaamba ka ng'amba ya El Niño. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yoononga m'chigawo cha kummwera. Chaka china madzi osefukira, chaka china ng'amba. Mvula yathu imagwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, kenaka n'kutisiya padzuwa mpaka Novembala.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba yamalata ya mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, m'dera lolandira mamilimita 800 pachaka, imatsetsereka malita 40,000. Ngakhale titachotsapo otayika ndi oyamba otsuka fumbi, otsala ndi oposa malita 30,000, kapena kuti ndowa 1,500 za malita 20. Mayi amene amadzuka mbandakucha kukafola pamjigo, kapena amene amagula madzi pakiyosiki tsiku ndi tsiku, akudziwa mtengo wa ndowa 1,500. Madzi onsewa m'makomo ambiri amangokumba mabwalo, kugumula maziko a nyumba ndi kukokolola misewu ya m'misika yathu.

Dziko lino lili ndi lamulo la za madzi la m'chaka cha 2013, lomwe lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti lizipereka ziphaso kwa ogwiritsa ntchito madzi ambiri, monga opatutsa mitsinje ndi omanga madamu. Madzi a ntchito za pakhomo, monga kumwa, kuphika ndi kuchapa, safuna chiphaso chotere. Apa mzere uja udajambulidwa pamalo oyenera, ndipo pempho lathu loyamba n'lakuti usasunthidwe.

Tikunena izi chifukwa makhonsolo a m'matauni amakhala akusaka njira zopezera ndalama, ndipo nawo amakhala ndi mphamvu zopanga malamulo a m'dera lawo. Tsiku lina wina adzaganiza zoti thanki ya pakhomo izilipiridwa, kapena kuti aliyense woimika thanki ayambe watenga chikalata ku ofesi. Maganizo oterewa akadzabwera, makhansala ndi aphungu adzakumbukire za Colorado, komwe kudatenga zaka zambirimbiri kuti achotse chiletso chomwe phindu lake lidali lochepa zedi. Banja lomwe lasunga madzi a padenga lachepetsa mzere wa pamjigo, lapeputsa mipopi ya boma, ndipo lachepetsa madzi othamanga omwe amaononga msewu. Banja lotere n'lofunika kulithandiza.

Ngati khonsolo ikufuna kulowererapo, ilowerere pa zinthu zoteteza moyo. Kulamula kuti mgolo kapena thanki ikhale yovindikira n'kwanzeru, chifukwa madzi apululu amaswa udzudzu komanso mwana wamng'ono atha kugweramo. Kuchenjeza anthu kuti asamasunge madzi akumwa mumgolo womwe mudali mankhwala a mbewu kapena mafuta n'koyenera. Madzi oyamba a padenga amabwera ndi fumbi, zitosi za mbalame ndi zinyalala zina, choncho atayidwe kaye, ndipo omwe akukamwedwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala. Dziko lomwe lidataya anthu oposa 1,700 ndi kolera m'zaka za 2022 ndi 2023 silingaseweretse ukhondo wa madzi. Komanso pomwe makhonsolo akuvomereza mapulani a sukulu, zipatala, matchalitchi, mizikiti ndi mashedi a m'misika, bwenzi akufunsa kuti madzi a padenga lalikulu choterelo apita kuti. Madenga amenewa ndiwo angadzaze matanki othandiza anthu ambiri.

Pempho lathu lachiwiri likupita kwa ife eni, ndipo n'lowawa pang'ono. Ufulu wa padenga usatipusitse kuti chilichonse chodutsa pamalo athu ndi chathu. Chilimwe chikafika pachimake, m'mitsinje ing'onoing'ono yambiri mumaoneka matumba a mchenga ndi zipupa za dothi zotchinga madzi kuti wa kumtunda athirire tomato ndi kabichi wake. Wina amabwera ndi injini yopopera n'kuyamwa chithaphwi chonse m'maola ochepa. Akumunsi amangoona mchenga, ziweto zawo n'kumayenda mtunda wautali kukamwa, amayi n'kumafukula pansi pa mtsinje kuti apeze kapu ya madzi. Wotchingayo akafunsidwa amayankha kuti munda ndi wake. Yankho limeneli ndi lomwe adapereka bambo wa ku Oregon uja.

Sitikunena kuti titengere mfundo ya ku Colorado yoti woyamba ndiye mwini zonse. Mfundo imeneyo ili ndi zilema zake. Imakomera amene adafika kale ndi amene ali ndi ndalama zogulira ufulu wa ena, ndipo mtsinje wa Colorado, womwe zigawo zisanu ndi ziwiri zidagawana pa pangano la 1922, udagawidwa madzi ochuluka kuposa omwe umakhala nawo zaka zambiri. Koma pali chinthu chimodzi chomwe adachigwira bwino: wakumunsi ali ndi dzina, ali ndi gawo lodziwika, ndipo ali ndi bwalo lokadandaulako. Kwathu kuno wakumunsi kawirikawiri amangodandaulira mumtima, kapena amapita usiku kukagumula chotchingacho, mawa lake zikwanje zili m'manja.

Mafumu, makomiti a mthirira ndi makomiti a chitukuko a m'madera ali ndi ntchito pamenepa. Nthawi yabwino yogwirizana za masiku othirira, za kukula kwa chotchinga chololedwa ndi za gawo lomwe liyenera kusiyidwa kuti lipitirire kumunsi ndi pomwe mtsinje ukadali wodzaza ndipo mitima ili pansi. Amene akufuna kumanga damu lenileni, kaya ndi mwini esiteti, kaya ndi munthu wa ndalama zake amene wagula malo kumudzi, atenge chiphaso monga lamulo likunenera, ndipo opereka chiphasocho ayambe amva maganizo a anthu akumunsi. Lamulo likamaluma wosauka wa ndowa n'kumasekerera wolemera wa damu, anthu amasiya kulilemekeza.

Ndipo pomwe pabuka mkangano woti zochita za wina zikuphwetsa madzi a anzake, tiyeni tiphunzire kuyeza tisadaweruze. Ku Colorado anthu adakangana za migolo kwa nthawi yaitali, mbali iliyonse ikulumbira kuti ikunena zoona, mpaka pomwe akatswiri adapita kukaona kuti madziwo amapita kuti. Nafenso tili ndi akatswiri a za madzi m'maofesi a maboma ndi m'sukulu zathu za ukachenjede. Aitanidwe asanagamulidwe mlandu, chifukwa chiletso chongoganizira chimapweteka osalakwa, ndipo chilolezo chongoganizira chimaumitsa mitsinje.

Madzi akatayika saoleka. Mvula ikubwerayi isatipeze tili ndi ndowa imodzi yobooka pansi pa denga la malita 40,000. Amene angathe agule mgolo, amene angathe awiri, oyandikana nyumba asonkherane thanki, ndipo aliyense avindikire chosungira chake. Koma amene ali kumtunda kwa mtsinje akumbukire kuti nayenso ali kumunsi kwa munthu wina.